Denga lansalu la galimoto likakana kutseka, yambirani apa

Magalimoto otsegula denga ndi ochepa kuno, koma alipo. Mumakumana nawo pamsewu wochokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe ndi Thyolo mpaka ku Mulanje: BMW E46, Mercedes CLK, Audi A4 Cabriolet, mwa apo ndi apo Saab 9-3. Pafupifupi onse anabwera atayenda kale ku UK kapena ku Japan, ndipo adutsa zaka 15. Injini amakaniko athu amaidziwa bwino. Denga ndiye limasowa woligwira. Likaima pakati, mitambo itada bii kuphiri, eni ake ambiri amachita zinthu ziwiri zomwe zimakulitsa vuto: kupanikiza batani mosalekeza, ndi kuthira oyilo aliyense amene wapezeka pafupi.

Dengali limayenda ndi hydraulic. Mota ya 12V imazunguza pampu yaing'ono yomwe ili ndi kathanki ka pulasitiki koonekera mkati. Pampuyo imakankha oyilo kudzera m'timapaipi ta mamilimita anayi kapena asanu kupita ku masilinda, ndipo masilindawo ndi amene amadzutsa mafelemu a denga, kutsegula chivundikiro chakumbuyo, pena ndi kukoka loko wakutsogolo. Pali mavavu amagetsi osankha silinda yoti ilandire oyilo, masensa ouza kompyuta pamene denga lafika, ndi kompyuta yakeyake ya denga. Pa E46 pampu ili m'buti kumanzere, kuseri kwa kapeti. Pa ena muipeza kuseri kwa mpando wakumbuyo. Mphamvu ya oyilo m'timapaipiti imadutsa 100 bar, pa magalimoto ena imayandikira 200, choncho musafufuze podontha ndi chala pampu ikulira. Oyilo wotuluka pakabowo kakang'ono amatha kuboola khungu. Gwiritsani ntchito kachidutswa ka katoni.

Musanagwire sipanala, lizani injini, tsegulani buti, wina apanikize batani inu mukumvetsera.

Ngati kuli zii, vuto si la oyilo. Kompyuta yakana kulamula pampu, ndipo nthawi zambiri ili ndi chifukwa. Onani kaye chotchinga cha m'buti chomwe chimasiyanitsa katundu ndi malo ogona denga: chikapanda kukhala m'malo mwake, kapena kaswichi kake kakathyoka, denga silisuntha. Kenako batire. Injini ili chozima lisatsike pansi pa 12.4V, ikulira lionetse pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Kenako fyuzi ya pampu, yomwe imakhala yaikulu, ya 30A kapena 40A, ndi relay yake, kaswichi kamagetsi kamene kamayatsa pampuyo. Zonsezi zikakhala bwino, sendani nsalu yokuta mawaya pamene denga limapindikira. Waya amene wakhala akupindidwa zaka zambiri amaduka mkati, chikopa chake chikuoneka chabwinobwino, ndipo pa E46 ili ndi vuto lodziwika. Kokani waya aliyense pang'onopang'ono: woduka amatanuka. Kamakina kotchipa kofufuzira zovuta za galimoto, kotchedwa OBD, kamangowerenga injini, ndiye pezani munthu amene kompyuta yake imalowa mu kompyuta ya denga ija. Iyo imaonetsa sensa iliyonse ngati ikuti "chatsekeka" kapena "chatseguka", ndipo imene ikunama imaonekera pomwepo.

Ngati relay ikumveka kuti tha koma mota siikuzungulira, yezani magetsi papulagi ya mota. Akamafika, mota yagwidwa ndi dzimbiri kapena mabulashi, timakala tolowetsa magetsi mkati mwa mota, atha. Za dzimbiri tibwererako.

Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pamene mota ikulira koma denga likukwawa, likunjenjemera, kapena laima. Yang'anani kathanki ndi tochi. Kali ndi mizere ya MIN ndi MAX, koma mulingo umasintha malinga ndi pamene denga lili, chifukwa ndodo za masilinda zikalowa mkati zimabweza oyilo m'thanki. Buku la galimoto yanu limanena poimika denga poyeza, tsatirani limenelo. Mtundu wa oyilo nawo umalankhula. Wakuda wokhala ndi tizinyenyeswa ndi seal, kamphete kotchinga oyilo kuti asadonthe, imene ikufumbutuka. Wa thovu ndi pampu imene ikuyamwa mpweya chifukwa oyilo wachepa. Wooneka ngati tiyi wothira mkaka walowa madzi.

Mfundo imene ndikufuna muigwiritse ndi iyi: oyilo ameneyu sapsa ngati wa mu injini, ndipo sauma. Ngati wachepa, wadontha penapake, ndipo kuwonjezera musanapeze malowo ndi kungonyowetsa kapeti. Chotsani mapanelo a m'mbali mwa mpando wakumbuyo, nyamulani kapeti ya m'buti, gwirani siponji yokuta pampu. Pa ma CLK ena onaninso nsalu ya mkati mwa denga pamwamba pa galasi lakutsogolo, chifukwa silinda ya loko ikamadontha, banga limayambira pamenepo. Pukutani paliponse pakhale gwa, kulungani tishu yoyera pakhosi pa silinda iliyonse ndi polumikizira paipi paliponse, yendetsani denga kawiri, kenako onani tishu yomwe yanyowa.

Kawirikawiri mupeza kuti ndi pakhosi pa silinda, pamene ndodo imatulukira. Ma seal a pamenepo pa magalimoto ambiri a zaka zimenezo ndi a polyurethane, ndipo polyurethane ikakhalitsa pa chinyezi ndi kutentha imafewa n'kuyamba kunyenyeka. Ndiye taganizani galimoto yogona panja ku Chitakale kapena ku Luchenza, mvula kuyambira November mpaka April, kenako chiperoni m'miyezi yozizira. Nyengo yokomera tiyi ndi yomweyo imene imadya ma seal. N'chifukwa chake silinda imodzi ikayamba, inzake ya mbali inayo ili m'njira. Sinthani ziwiri zonse. Mukasintha imodzi, mumasulanso mapanelo omwewo posachedwa, komanso mbali yamphamvu imatsogola n'kumapotoza felemu.

Pochotsa silinda, imikani denga pamene mapini ake akuonekera, nthawi zambiri chapakati, ndipo lichirikizeni ndi thabwa kapena lamba. Izi si zamasewera. Injini ikazima mphamvu ya oyilo imatsika, denga limagwa lokha, ndipo mafelemu amenewa amadula chala. Tsitsani mphamvu yotsala pomasula vavu ya pampu ngati galimoto yanu ili nayo, chotsani waya wa negative pabatire. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse. Mapaipi ambiri ali ndi manambala osindikizidwa, ofanana ndi a papampu, ndipo amene afufutika amangeni kapepala. Mukasemphanitsa awiri, silinda imakoka pamene iyenera kukankha. Tsukani fumbi polumikizira musanazule paipi, chotsani kakilipi kogwira, kokani molunjika osapinda, ndipo tsekani kukamwa kwake ndi kapulasitiki koyera. Kamchenga kamodzi kamakwanira kutsekereza vavu. Pobwezera ikani O-ring (kamphete ka labala) watsopano mutamunyowetsa ndi oyilo yemweyo, ndipo paipi idutse njira yake yakale. Ikakhudza hinji, iperesedwa mpaka kuboola.

Kodi silinda yakale ingakonzedwe? Inde, ngati ndodo ili yosalala. Ipititseni chikhadabo: chikakodwa pa mkwasa kapena pa dzimbiri, seal yatsopano idzang'ambika pomwepo. Ndipo musaigwire ndi pulayala. Vuto lina n'lakuti masilinda ambiri sanapangidwe omasula, kukamwa kwake anachita kupinda ndi makina. Pamafunika munthu wa lathe, makina osemera zitsulo, monga amene amapezeka ku Limbe ndi ku Blantyre, woti atsegule bwino ndi kupanga chotsekera china. Seal iyezedwe ndi vernier, chida choyezera tinthu tating'ono, ndipo ikhale ya mlomo ngati yoyambayo. O-ring wamba woikidwa m'malo mwake amagwira kanthawi kochepa basi. Amakaniko a mathirakitala a m'maesiteti a tiyi amaidziwa hydraulic kuposa ambiri a m'tauni, ndipo pa ntchito ya ma seal ndingawakhulupirire. Chimene simuyenera kutenga kwa iwo ndi oyilo.

Oyilo wa thirakitala ndi wolemera kwambiri kwa timapaipi timeneti. M'mawa wa June ku Thyolo denga lidzakwawa, mota n'kumatentha. Brake fluid ndiye woopsa kuposa onse, chifukwa amatupitsa ndi kuwononga ma seal onse, ndipo mukamuthira mwagula ntchito yosintha chilichonse cha labala. Mankhwala otseka podontha nawo asiyeni, amafewetsa seal yomwe yafewa kale. Mercedes imafuna oyilo wotchedwa ZH-M wa muyezo wa MB 343.0, ndipo Febi 02615 ndi wa muyezo umenewo. BMW E46 imagwiritsanso ntchito ZH-M. Audi ndi VW zimafuna G 004 000, wobiriwira uja. ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, ndi wa madenga a magalimoto ena a ku America monga Mustang zakale, osati awa. Ngati m'masitolo a zipangizo ku Blantyre mulibe, itanitsani ku Johannesburg ndipo dikirani. Lita imodzi imakwana pa magalimoto ambiri, gulani awiri ngati wakaleyo wada kapena walowa madzi.

Pothira, sirinji ya 50 ml ya ku famase ndi kapaipi koyera zimakwana. Yamwani wakale yense m'thanki, thirani watsopano mpaka pa mzere, yendetsani denga, yamwaninso. Bwerezani katatu kapena kanayi mpaka atayera. Mpweya umatuluka wokha pa magalimoto ambiri: tsegulani ndi kutseka denga kasanu mpaka kakhumi injini ikulira, mukuwonjezera oyilo akatsika. Maulendo oyamba lidzadumphadumpha, lithandizeni ndi manja mbali zonse ziwiri. Pumitsani mota mphindi zingapo pakati, apo ayi chitetezo cha kutentha chiidula ndipo muganiza kuti mwawononga china. Musadutse MAX, owonjezerawo adzasefukira m'buti.

Nanga oyilo ali pa mzere, palibe podontha, mota ikulira, koma denga lilibe mphamvu? Yambani ndi chapafupi. Ngati wina analitsekapo ndi manja, mwina anasiya vavu yotsitsira mphamvu ili yomasula, ndipo oyilo akungozungulira kubwerera m'thanki. Imangeni. Ngati si imeneyo, ndiye seal ya pisitoni mkati mwa silinda ikudutsitsa oyilo, kapena pampu yatopa. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna geji yofika 250 bar ndi zotsekera mapaipi, kuti silinda iliyonse iyesedwe payokha. Musagule pampu mongoganizira, ndi yodula ndipo nthawi zambiri si imene yalakwa. Onaninso mahinji: ouma kapena opindika amalemetsa denga mpaka hydraulic yabwinobwino kuoneka yofooka.

Tibwerere ku dzimbiri lija. Malo ogona denga ali ndi timabowo totulutsa madzi a mvula kupita pansi pa galimoto. Masamba a bulugamu ndi dothi lofiira zikatseka timabowoti, madzi amasefukira m'buti n'kukakhazikika m'siponji yokuta pampu, ndipo mota imagona m'chinyontho miyezi. Thirani botolo la madzi mbali iliyonse, muone ngati akutuluka pansi pafupi ndi tayala lakumbuyo. Akapanda kutuluka, tokosani ndi chingwe cha pulasitiki cha makina odulira udzu, osati waya wachitsulo woboola paipi. Chitani izi mu October mvula isanayambe, ndi kubwerezanso chapakati pa dzinja. Mota yogwidwa dzimbiri si yotaya msanga: wamagetsi a galimoto angaitsegule, kupala commutator, pamene mabulashi amakhudza, ndi kuika mabulashi ena. Siponji iume kaye isanabwerere.

Likakukanikirani panjira mvula ikubwera, siyani batani. Zimitsani injini, masulani vavu ija kapena dikirani mphamvu itsike, ndipo anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, alidzutse mofanana pang'onopang'ono. Loko wakutsogolo amamangidwa ndi Allen key yomwe imabwera m'zida za galimoto, choncho onani lero ngati yanu ilimo.