Mapaketi 7 m'ketulo imodzi

Inde, n'zoona, ndinadzuka maulendo 9 kupita kuchimbudzi m'ndege yochokera ku Guangzhou kupita ku Addis Ababa, ndili pampando wa pawindo. Koma achimwene amene akufalitsa nkhaniyi sakunena mbali yanga.

Sabata yonse ndikuoda katundu ku Xiaobei, dera la malonda mu Guangzhou momwemo, ludzu sindinkalimva, ngakhale kunja kukutentha. Thupi lolemera, chizungulire, m'mimba madzi kumangoti khuvukhuvu. Sing'anga wachitchaina anandigwira mtsempha ndi zala zitatu dzanja lililonse, n'kuti nditulutse lilime. Lotuwa, lonyowa, m'mbali muli zidindo za mano. Womasulira anati kwawoko kusamva ludzu ndi chizindikiro cha kuzizira ndi chinyezi m'kati: madzi alimo kale, angokhazikika osayenda. Anandilembera Ling Gui Zhu Gan Tang, mankhwala akalekale a Zhang Zhongjing, sing'anga wamakedzana wa ku China: fu ling magalamu 12, timitengo ta sinamoni totchedwa gui zhi 9, mizu ya bai zhu 6, mizu yotsekemera ya gan cao 6.

Mapaketi 7, imodzi patsiku. Kuviika mphindi 30, kuwiritsa mumphika wadothi osati wachitsulo, moto wapansipansi mphindi 30, kusefa, kuthiranso madzi n'kuwiritsa kachiwiri, kuphatikiza, kumwa theka m'mawa theka madzulo, akadali ofunda.

Zonsezi ndinamva bwinobwino. Koma ndege inali mawa lake usiku, ndipo ndani angafune kufotokozera a kasitomu oona katundu pabwalo la ndege kuti timizu iti n'tachiyani? Ndinakhuthulira onse 7 m'ketulo ya kuhotela, n'kupapira ndisananyamuke.

Fu ling uja, woyera ngati makaka oduladula, ndi bowa womera pamizu ya paini, ndipo ntchito yake ndi kukodzetsa. Ine ndinamwa msuzi wa magalamu 84.

Pambali panga panali bambo wina wathupi lake. Ulendo woyamba ndinati "pepani bambo", anamwetulira. Wachitatu anangopinda miyendo osatsegula maso. Pofika wachisanu anali ataphunzira: ndikangosuntha phewa, iwo dzambatu. Nthawi ina ndinkangofuna kukanda msana, kucheuka ndikupeza aima kale pakanjira, thireyi ya chakudya ili m'manja, bulangeti lili paphewa, akundiyang'ana ngati m'busa pamaliro. Ndikanatani? Ndinapita basi. Ndinakaima m'chimbudzimo mphindi zingapo ndikudziyang'ana lilime pagalasi, kenako n'kugujumula madzi kuti amve kuti sanadzukire pachabe.

Ulendo umenewo musauwerengere, ndiye kuti ndi 8.

Ludzu lokha linabwera ndithu. Ku Addis ndinagula mabotolo awiri.