Tsiku limene thalauza langa linaphunzitsa kalasi

Mukafuna kuonetsa ophunzira mmene pansi pa nyanja pamang'ambikira, palibe choposa phula la makandulo, monga anachitira asayansi awiri, Oldenburg ndi Brune, mu 1972. Mumalisungunula m'thireyi yokhazikidwa pamadzi otentha, osati pamoto chifukwa limayaka, mpaka lifike madigiri pafupifupi 60. Kenako mumayatsa fani kuti pamwamba paume kakhungu, n'kumizamo kathabwa komwe mota imakoka pang'onopang'ono. Kakhunguko kakuimira miyala yozizira ya pansi pa nyanja, phula losungunukalo miyala yotentha ya kunsi kwake. Fani ikawomba kwambiri khungu limakhuthala n'kungothyoka chisawawa, ndipo si phula lililonse limene limalola.

Zikayenda bwino, mng'alu suwongoka. Umadukaduka, zidutswazo n'kulumikizidwa ndi ming'alu yopingasa, ija wasayansi Tuzo Wilson anaitcha transform mu 1965. Pa mng'alu wopingasawo mbali ziwiri zimakhulana, ina kupita uku ina uko, ndipo zivomezi zimachitika pakati pa zidutswa ziwirizo basi. Kupitirira pamenepo ndi chipsera chabe.

Tsiku limene ndinkaonetsa zimenezi m'kalasi, ndinali nditangofotokoza kuti pakati pa nyanja ya Atlantic nthaka imatalikirana masentimita 2 mpaka 5 pachaka, pamene ku East Pacific Rise, mtandadza wa mapiri a pansi pa nyanja ya Pacific, imafika 15, ndiye ndinadina batani. Mota inali yobwereka, ndipo amene anaigwiritsa ntchito komaliza anaisiya pa liwiro lothamangitsira mbava. Kathabwa kanakoka khungu, khungu linakoka thireyi, thireyi n'kundikhuthulira phula lonse pantchafu, khuthu! Fani nayo sinasiye ntchito yake. Ndisanamalize kuvina, thalauza linali litauma gwa.

Ndinawerama kuti ndizule waya kukhoma. Phula linathetheka pamaondo, kenako kumbuyo kunamveka phwee! Msoko wonse, kuyambira palamba kutsika.

Kalasi inangoti zii, mpaka mtsikana wina wakutsogolo anakweza dzanja mwaulemu wonse.

"Aphunzitsi, ndiye kuti nsalu yakokedwa kumanzere ndi kumanja, poti mng'alu watsika chotsika?"

"Mwakhoza," ndinayankha, msana uli kukhoma. Anakhozadi: mng'alu wobwera ndi kukoka umadutsa mopingasa ndi kumene mphamvu ikukokera, n'chifukwa chake chigwa cha pakati pa mapiri a pansi pa Atlantic chimatsata mtandadza wa mapiriwo.

Mnyamata wina kumbuyo anali kale ndi cholembera m'manja. "Pepani aphunzitsi, masentimita 30 pa sekondi imodzi, tikawerengera pachaka ndiye kuti mwaiposa East Pacific Rise kangati?"

Ndinamuuza kuti imeneyo ndi ntchito yokachitira kunyumba. Phunziro lotsalalo ndinaphunzitsa ndili khale pampando, ndipo belu litalira ndinawalamula kuti atuluke onse, wina asacheuke. Anacheuka onse, ati amafuna kuona ngati pali transform.