Thamomita yonyowa ndi mabingu a kuchigwa: pomwe ndafika

Mwezi uno ndawonjezera chida chimodzi pa zoyezera nyengo zanga kuno ku Moatize. Ndi thamomita yachiwiri, yofanana ndi yakale ija, koma kunsonga kwake ndakulungako kansalu kathonje komwe kamayamwa madzi m'kabotolo. Zonse ziwiri zili m'kabokosi kopaka penti yoyera, koboolaboola m'mbali kuti mphepo izidutsa, pamtengo wofika m'mapewa, kutali ndi malata komanso khoma. Mukaikoleka pakhonde la malata mumayeza kutentha kwa malatawo, osati kwa mpweya.

Chondichititsa n'chakuti kuno kuchigwa cha Zambezi kutentha pakokha sikulosera kanthu. Anthu amakonda kunena kuti "kwatentha chonchi, igwa basi". Kwathu ku Angónia mawuwa amagwirako ntchito. Kuno ayi. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo tsiku ndi tsiku, madigiri 40 kuwadutsa ngati masewera, nyenje zili pakamwa yasa m'mitengo ya tsanya, koma kumwamba kuli mbee. Mzinda wa Tete uli pansi kwambiri, mamita osafika 200 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene Ulongwe ali pamwamba kupitirira mamita 1,000. Ukakwera mamita 1,000 mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono, n'chifukwa chake achimwene akamaimba foni kuti afunda bulangete ife tikugona pabwalo.

Bingu limafuna zinthu ziwiri pamodzi: kutentha kokankhira mpweya m'mwamba, ndi chinyezi choti chisanduke mtambo. Choyambacho tili nacho chosefukira. Chachiwiricho ndiye chimene kansalu kaja kakundiuza. Mpweya ukakhala wouma, madzi a pakansalu amauluka msanga n'kuziziritsa thamomita, ndiye manambala awiriwo amatalikirana kwambiri. Tsiku lotero ndimalemba kuti kulibe mvula, ngakhale kutenthe chotani. Manambalawo akayandikana m'mawa, thukuta osauma pathupi, chitungu chili tho, ndimayamba kuyang'ana kumwamba.

Mphepo nayo ndimailemba. Ya mwera, yochokera kummwera chakuvuma, kawirikawiri imangobweretsa fumbi la malasha pazenera. Ikatembenuka n'kumachokera kumpoto chakumadzulo, ndiye kuti mpweya wonyowa wa ku Congo wayandikira, ndipo ndi umene umatsekula dzinja lenileni.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri sabata zapitazi ndi kuonerera mitambo masana. Imayambira kumapiri, cha ku Zóbuè ndi Tsangano, dzuwa lisanafike paliwombo. Kamtambo koyera kamatupa, kenako kukula mothamanga, mutu wake uli mabwinyamabwinya, mpaka pamwamba pake pataphwatalala n'kupendekera mbali imodzi. Kuphwatalalako ndiye chizindikiro chakuti wakhwima, muli madzi oundana, mphenzi zayamba. Koma masiku ambiri ukatsikira kuchigwa umangotinamiza. Umaona mizere yakuda ikulendewera pansi pa mtambo, koma osafika pansi, madontho akuumira m'malere. Chimene chimatifika ife ndi chimphepo chozizira chodzidzimutsa, chonyamula fumbi ndi mapepala, chija chimasasula madenga. Tsopano ndikangoona mizere yolendewerayo ndimauza mayi a kunyumba kuti aanule zovala, osati poopa kunyowa koma kuuluka.

Usiku ndimawerenga mphenzi. Ikang'anima ndimawerenga masekondi mpaka bingu limveke, ndipo masekondi 3 alionse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, ana onse m'nyumba, za mpira mawa. Zoti mphenzi imachita kutumizidwa sinditsutsana nazo pagulu, koma pansi pa mlambe sindiima.

Choyezera mvula n'chakale chomwechija, chitini chowongoka chokamwa kofanana ndi thako lake, ndi rula. Chizimalupsa chinangonyowetsa pansi pa chitinicho. Achimwene kumtunda akuti kwawo mizere yakonzeka, akungodikira yodzalira, ndipo akufuna ndiwauze tsiku. Ndawayankha kuti, "Achimwene, thamomita yanga ili ku Moatize, munda wanu sikuudziwa. Mverani za INAM, bungwe la boma loona zanyengo, pa Rádio Moçambique, kenako kumbani muone pomwe chinyontho chafika." Ng'amba ya El Niño ya 2024 sitinaiiwale, mbewu n'zodula.

Pamenepa ndiye pali malire a kabuku kanga. Mabingu a masana ndayamba kuwagwira bwinoko, makamaka ndikaphatikiza ndi zithunzi za mitambo pa Windy, pulogalamu ya zanyengo ya pa intaneti. Namondwe wochokera kunyanja ndi nkhani ina. Namondwe wotchedwa Ana, mu Januwale 2022, anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo madzi ambiri a mtsinjewu amachokera kumapiri a ku Angónia, kutali ndi chitini changa. Munthu wa kumunsi akhoza kukokoloka kwake kusanagwe yambiri.

N'chifukwa chake ntchito yotsatira ndi kuika chitini china kwa achimwene, kuti azinditumizira muyezo m'mawa uliwonse pa WhatsApp. Avomera, bola ndiwagulire rula ndi mayunitsi. Kansalu kaja nakonso kakufunika kusintha sabata iliyonse, chifukwa fumbi la kuno likakamatirira, madzi sakwera bwino.