Goodenough wandimasulira batire ya lithium

Masabata atatu ndakhala ndikuloweza ma half equation (ma equation osonyeza zochitika mbali iliyonse payokha) a batire ya lithium ngati ndakatulo, m'mutu muli gwa. Dzulo usiku zalowa, ndipo lero ndadzuka mtima uli m'malo.

Za anode ndi cathode, mbali ziwiri za batire zomwe ma ion a lithium (ma atomu a lithium otaya electron) amayenda pakati pake, sindibwereza, tinazilemba kale m'kalasi. Pomwe ndinkakakamira ndi apa. M'zaka za m'ma 1970 Stanley Whittingham anali atapanga kale batire yochajika ku kampani ya mafuta ya Exxon, cathode yake ya titanium disulfide, mavolti opitirira 2 pang'ono. Zoti ma ion a lithium amalowa ndi kutuluka m'mipata ya cathode osaigumula zinali zodziwika. Nanga John Goodenough anabweretsa chiyani mu 1980 ali ku Oxford?

Anachotsa sulfure, n'kuikapo oxygen, ndipo m'malo mwa titanium anaika cobalt. Oxygen imaumirira ma electron ake kuposa sulfure, ndiye cobalt ukhoza kumulanda ma electron ambiri chinthucho chili chiimire. Lithium cobalt oxide inapereka mavolti 4. Koma chimene chinandidzutsa pampando ndi dzina lomwelo: lithium ali kale m'kati mwa cathode! Ya Whittingham inkafuna lithium weniweni wachitsulo ku anode, yemwe ankamera timinga pochaja mpaka mbali ziwirizo kukhudzana, moto buu. Ngati cathode yabwera ndi lithium wake, anode ingokhala nyumba yopanda anthu yodikira alendo. Nyumbayo anaimanga Akira Yoshino mu 1985 ndi kaboni wa petroleum coke (zotsalira poyenga mafuta), Sony n'kuyamba kugulitsa mu 1991. Batire amailumikiza m'fakitale ili yosachaja, yopanda lithium wachitsulo, ndipo chitetezo chake chagona pomwepo.

Ndinazimvetsa nditajambula mizere papepala ngati mipata ya cathode ndi anode n'kumasuntha nthanga za nyemba uku ndi uku ngati ma ion a lithium. Anzanga, chemistry yonse imafuna pensulo ndi nyemba basi. Chimene sunachijambule sunachimvetse, ineyo ndatsimikiza.

Chimandiwawa n'chakuti m'kalasi mutu wonsewu unadutsa m'mphindi 20, aphunzitsi akuthamangira kumaliza silabasi. Dzina la Goodenough silinatchulidwe n'komwe. Munthu woti ali mwana kuwerenga kunkamuvuta, anakhala zaka 24 ku Lincoln Laboratory ya yunivesite ya MIT ku America akufufuza ma oxide omwewa, anapita ku Oxford mu 1976 ali ndi zaka 54, n'kudzalandira Nobel mu 2019 ali ndi zaka 97. Aphunzitsi akanangotiuza kuti Goodenough ma oxide anawadziwa kalekale asanaganize za mabatire, kusankha oxygen kukanamveka tsiku lomwelo.

Chatsala chimodzi. Mabuku akuti mu lithium cobalt oxide umachotsamo pafupifupi theka lokha la lithium, ukapitirira imayamba kuwonongeka. Pa nyemba zanga zonse zimachoka bwinobwino, mizere osagwa. Mwina chojambula changa chikundibisira kanthu, kaya ndi oxygen yemweyo amene amayamba kuthawa, sindinazigwirebe.