Mwana wathu akatsekeredwa ku Joni, boma lili kuti?

Abale anga, nkhani iyi ikundisowetsa tulo. Anyamata a zaka 15, 16 amachoka ku Mangochi ndi ku Mzimba, kudutsa Mwanza, Tete mpaka Beitbridge, pa malire a Zimbabwe ndi South Africa, opanda pasipoti. Akagwidwa, wina amangowayang'ana msinkhu n'kunena kuti ndi akuluakulu, popeza alibe chikalata chosonyeza tsiku lobadwa. Mapeto ake ndi Lindela, ku Krugersdorp kuja, kumene amasunga akuluakulu odikira kubwezedwa kwawo.

Khoti la ku Pretoria linagamula kale mu 2004 kuti ana obwera okha asamasungidwe kumeneko. Komabe chigamulo chimenechi chimuthandiza bwanji mwana ngati palibe wa kwawo wobwera kudzatsimikiza kuti uyu ndi mwana, dzina lake ndi ili, mudzi wake ndi uwu? Ntchito imeneyi ndi ya ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ina ija ya ku Johannesburg. Pangano la ku Vienna la 1963 limapatsa akazembe ufulu woyendera nzika zawo zotsekeredwa.

Ena mukuti anapita okha, aone okha. Ayi ndithu. Mu 2017 tinasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sasiya kukhala mwana chifukwa wawoloka mtsinje wa Limpopo kulowa m'South Africa. Ambiri anachita kutumidwa ndi umphawi wa pakhomo.

Unduna Woona za Ubale wa Malawi ndi Maiko Ena utiuze: ndi ana angati ali m'manja mwa a Home Affairs (unduna woona za m'dziko wa ku South Africa) lero, ndipo munawayendera liti?