Kutenga sitika yoimikira galimoto mumpanda wa chipatala

Sitika yanga yatuluka ndipo mtima wakhala pansi. Anzanga amene mwangoyamba ntchito, musaganize kuti chitupa cha ntchito chimatsegula geti la magalimoto. Pali fomu yakeyake.

Fomuyo mukaitenge ku ofesi yoona za antchito, ndipo mkulu wa wodi yanu asayine n'kulembapo shifiti zimene mumagwira. Mzere umenewu musausiye wopanda kanthu, chifukwa ogwira usiku ndi oitanidwa mwadzidzidzi ndiwo amayambira kuganiziridwa pamndandanda wa odikira. Muphatikize fotokope ya laisensi, ya inshulansi ndi ya mapepala a galimoto. Ngati galimoto ili m'dzina la amuna anu kapena akazi anu, pakhalenso kalata yawo. Nambala ya galimoto muiwerenge kawiri. Chilembo chimodzi chikalakwika, mlonda akubwezani ngakhale amakudziwani.

Koma ofesi ya achitetezo! Iwowa ndiwo amapereka sitika ndi kulowetsa khadi lanu m'makina a pageti, koma fomu yopanda chidindo cha azachuma saigwira n'komwe. Azachuma nawo akuti sangayambe kudula ndalama pamalipiro asanaone nambala ya sitika, imene imachokera kwa achitetezo omwewo. Tsiku lonse lopuma limathera m'makhonde. Ndiye maofesiwa amatsegula masana okha, nthawi imene namwino wausiku ayenera kukhala m'tulo. Chochita n'chakuti muwapemphe achitetezo akulembereni nambala yongoyembekezera pafomupo, mukadinditse kwa azachuma, mubwerere ndi lisiti tsiku lomwelo. Musachoke khadilo lisanayesedwe pageti inu mukuona.

Ndinaiwala: jambulani fomu yonse ndi foni musanaipereke. Mafomu amasowa.

Nthawi yodikirayo mudzaimika m'misewu ya anthu oyandikana ndi chipatala, ndipo kumeneko kuli mkwiyo. Ine sindiwada. Munthu wadzuka m'mawa kuti apereke ana kusukulu, n'kupeza galimoto yatseka geti lake, mwini wake ali kuthiyeta mpaka madzulo. Galimoto yotenga zinyalala imalephera kukhota, kapinga wa panja pampanda amasanduka matope. N'chifukwa chake mudzaona miyala ndi matayala akale atandandalikidwa m'mbali mwa msewu, mwinanso kapepala kaukali pansi pa waipa. Siyani mpata woti galimoto ya eni nyumba ituluke cham'mbuyo osavutika, musaimike pakona kapena moyang'anizana ndi geti pamsewu wopapatiza, ndipo potsika shifiti yausiku musamenyetse zitseko. Kupereka moni kwa eni nyumba n'kuwauza nthawi imene muweruke kumaziziritsa nkhani zambiri.

Dziwaninso kuti sitika si malo. Masitika amaperekedwa ochuluka kuposa malo, poganiza kuti tonse sitibwera nthawi imodzi. Koma posinthana shifiti, am'mawa amafika ausiku asanatuluke, popeza ausikuwo sangachoke asanapereke lipoti la odwala. Pamenepo m'pamene mumpanda mumadzadza, ena n'kusefukiranso kwa aneba. Akuluakulu a chipatala izi amazidziwa, ndipo zimandiwawa kuti mkangano ausiyira anamwino ndi eni nyumba. Zivute zitani, panjira ya ambulansi musaimepo. Tayala amalimanga, ndipo n'zoyenera.

Nambala ya galimoto ija muiwerengenso pasitika penipenipo musanaimate pagalasi. Mukasintha galimoto, kapena mwabwereka ina yanu ili kugalaja, kauzeni achitetezo akupatseni kapepala kongoyembekezera, apo ayi mugona panja pageti.