Tsiku limene ndinakhala pa msasa wa achinyamata a Chiyuda ku Onrus

Tinanyamuka ku Sea Point Lachisanu m'mamawa, dzuwa la Disembala litayamba kale kuswa mtengo. Ndimayendetsa galimoto pa banja lina la Chiyuda kuno ku Cape Town, ndipo tsikulo anandituma kuti ndiperekeze mwana wawo wamkazi ku msasa wa achinyamata ku Onrus, kufupi ndi Hermanus. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Tinatenga msewu wa N2, kukwera Sir Lowry's Pass, kudutsa minda ya maapozi ya ku Elgin, n'kukakhotera kunyanja pa Bot River.

Mtsikanayu ndinamudziwa akadali kamwana kolirira maswiti. Lero ali ndi zaka 21, ndipo njira yonse anali kalikiliki kulemba m'kope. Nditamufunsa, anati akukonza zokaphunzitsa ana ake. Ndinadzidzimuka. Ana ake ati? Anaseka n'kundilongosolera kuti iye ndi madricha, kutanthauza mlangizi pa Chiheberi. Akakhala mnyamata amati madrich, ndipo ana amene akuwasamalira amawatcha chanichim.

Gulu lawo ndi la Habonim Dror. Habonim ndiye kuti omanga, Dror ndiye ufulu. Habonim inayambira ku London mu 1929, chaka chotsatira n'kufika ku Johannesburg. Ukawaona suwasowa: malaya abuluu okhala ndi kachingwe kofiira pachifuwa.

Pofika, ndinayang'ana uku ndi uku kufuna akuluakulu oti ndiwapatse moni. Alipo ndithu ophika, alonda ndi a zachipatala, koma olamula zonse anali anyamata ndi atsikana ongotuluka kumene kusekondale kapena a kuyunivesite. Ndiwo amadzutsa ana, kuwerenga ngati onse alipo, kutonthoza wolira chifukwa chosowa amayi ake, kuweruza akayambana. Nthawi yomweyo ndinakumbukira phungu wa kuchinamwali kwathu ku Dedza, uja amagona pafupi ndi namwali n'kumamunong'oneza zoyenera kuchita. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno palibe namkungwi wakhala pambali ndi ndodo. Aphungu okhaokha, ndipo zinthu zikuyenda.

Masana anandilola kukhala kumapeto kwa bwalo pansi pa mtengo. Mtsikana wathu uja anaika sutikesi yakale pakati, n'kufunsa ana kuti akanakhala agogo awo, pochoka ku Lithuania osadziwa ngati adzabwerera, akanalongedzamo chiyani. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera kumeneko, moti kunyumba yosungira mbiri yawo ku Cape Town, imene Nelson Mandela anatsegulira mu 2000, anamangako chifaniziro cha mudzi wa ku Lithuania wotchedwa Riteve. Mwana wina anati zoikapo makandulo a Sabata. Wina anati chithunzi cha amayi ake. Kamnyamata kena kanati sikangatenge kalikonse chifukwa kwawo n'konkuno, ndipo sanakadzudzule. Anakafunsa kuti nanga Uyuda wake uli pati, iko n'kuyamba kuganiza chala chili pakamwa.

Apa mtima wanga unagunda. Inenso ndinachoka kwathu ndi chikwama chimodzi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ana anga anabadwira kuno. Ndikawayankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi, ndipo sindinawakhazikepo pansi n'kuwafunsa funso ngati limeneli.

Gulu la okulirapo linali pa mtsutso wotentha. Wina ankanyadira Ayuda amene analimbana ndi tsankho ku South Africa: Joe Slovo, Helen Suzman ndi Ruth First, amene anaphedwa ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1982. Mnzake anamudula kuti asabisale kumbuyo kwa mayina atatu pamene Ayuda ambiri anangokhala chete nthawi ya tsankho. Kenako inalowa nkhani ya Israel ndi Palestine, mawu n'kukwera. Wotsogolera sanagamule kuti wakhoza ndani, ankangoonetsetsa kuti ngakhale wamanyazi wapatsidwa mpata. Kutchalitchi kwathu timawauza achinyamata kuti ndi atsogoleri a mawa, kwinaku tikungowatuma kunyamula mipando. Zimandiwawa, chifukwa inenso ndine mmodzi wa owatumawo.

Dzuwa litapendeka, msasa wonse unasamba n'kusonkhana kulandira Sabata. Anayatsa makandulo, kudalitsa chakumwa cha mphesa, n'kunyema buledi wolukidwa wotchedwa challah. Kamnyamata kaja ndiko kanandibweretsera chidutswa, chowazidwa mchere pang'ono. Nyimbo zawo sindinamve ngakhale liwu limodzi, koma anagwirana m'mapewa n'kumagwedera pamodzi, mafunde a nyanja akumveka chapatali.

Ndinabwerera ndekha usiku. Pamwamba pa Sir Lowry's Pass ndinaimika galimoto, magetsi a Cape Town ali ngwee kunsiko, n'kuimbira mwana wanga wachisamba. Ndinamufunsa ngati akudziwa dzina la mudzi wa agogo ake. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ababa, mudzandiuze mukafika, ndikudikirani."